Kujambula Mapu a Kuchuluka kwa Nkhanu Pamathiriro a Mitsinje: Yezani Mtunda Potsata Madzi

Kafukufuku wa nyama za m'madzi sayeza paliponse. Boti limakoka khoka pamalo 50, 200 kapena 1,500, ndipo pakati pa malo amenewa pamatsala madzi ambirimbiri amene khoka silinadutsemo. Kuti mapu atuluke, zimene zapezeka pamalo okokedwa zimagwiritsidwa ntchito poyerekezera za pamalo osakokedwa, ndipo lamulo lake ndi lakuti malo apafupi amamveredwa kwambiri kuposa akutali. Nkhani yagona pa mawu akuti "pafupi". Mapulogalamu ambiri a kompyuta amayeza kutalikirana ngati ndi lula pamapu, mzere wowongoka, osasamala kuti mzerewo wadutsa pamadzi, pamunda kapena pamsewu. Pakati pa nyanja yaikulu zimenezi sizivuta. Koma pamathiriro, pomwe mitsinje imakumana ndi madzi a mchere n'kupanga timakwalala, zilumba ndi zigwenembe, malo awiri akhoza kuyandikana pamapu pomwe nkhanu ingafunike kuzungulira tsiku lonse kuti ichoke apa kufika apo.

M'malangizo ano, mawu akuti "mtunda" akutanthauza kutalikirana basi. Nthaka yopanda madzi tiziitchula kuti "pouma", kapena "kamtunda" ikakhala yopyapyala, kuti tisasokonezane.

Chitsanzo chimene tigwiritse ntchito ndi Chesapeake Bay ku America, nyanja ya mathiriro yotalika makilomita pafupifupi 320, momwe mumathira mitsinje ya Susquehanna, Potomac, Rappahannock, York ndi James. Kuyambira mu 1990, Maryland Department of Natural Resources ndi Virginia Institute of Marine Science amawerenga nkhanu za mtundu wa Callinectes sapidus chaka chilichonse, pakati pa Disembala ndi Malichi, pamalo pafupifupi 1,500. Nthawi imeneyi kumazizira kwambiri ndipo nkhanu zimadzikwirira m'matope, sizisuntha. N'chifukwa chake zotsatira za kafukufukuyu zimayenera bwino pa ntchito ya mapu: chimene mwachipeza pamalo mu Januwale chimakhalabe pomwepo mu Febuluwale.

Nambala ziyambe zakhala bwino

Musayerekezere chiwerengero cha nkhanu zogwidwa pakukoka kumodzi. Yerekezerani kuchuluka kwake pa malo a kukula kofanana. Ku Chesapeake amakoka chitsulo chamano chotchedwa dredge, cha mamita 1.83 m'lifupi, kwa mphindi imodzi pa liwiro la ma knot 3. Pa liwiro limenelo boti limayenda mamita pafupifupi 93, choncho malo osesedwa ndi 93 kuchulukitsa ndi 1.83, masikweya mita pafupifupi 170. Mukagwira nkhanu 6, ndiye kuti pamalopo pali nkhanu pafupifupi 35 pa masikweya mita 1,000. Koma musadalire liwiro lolembedwa m'buku la malangizo. Mphepo ndi kuyenda kwa madzi zimasintha mtunda wokokedwa, choncho werengerani kuchokera pa GPS ya poyambira ndi pothera kukoka kulikonse, ndipo siteshoni, mfundo yoimira malo okokedwawo pamapu, muiike pakati pa mfundo ziwirizo. Ngati maboti ali angapo, lililonse likhale ndi nambala yake yokonzera, chifukwa dredge siigwira nkhanu zonse zimene yadutsapo ndipo maboti sagwira mofanana.

Malo amene simunapeze kanthu musawachotse. Ziro ndi yankho, ndipo mukamuchotsa mapu onse amafufuma. Lekanitsaninso nkhanu musanayambe: zazikazi zokhwima zimasonkhana kumunsi, kufupi ndi kukamwa kwa nyanjayi komwe mchere ndi wambiri, pomwe zazimuna zimakonda kumtunda kwa mitsinje komwe mchere ndi wochepa. Mukaziphatikiza, mumapeza mapu amene sakunena zoona za gulu lililonse.

Mapu a madzi ndi pouma

Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimaonongekera, ndipo zimaonongeka mwakachetechete, kompyuta osadandaula chilichonse.

Choyamba sinthani zonse, masiteshoni ndi mzere wa gombe, kuti zikhale m'mamita osati m'madigiri. Digiri imodzi yopita kum'mawa si yofanana ndi digiri imodzi yopita kumpoto, ndipo pamalo ngati Chesapeake yakum'mawayo ndi yaifupi ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu. Kumeneko gwiritsani ntchito UTM zone 18N, dongosolo lolembera malo pamapu m'mamita. Dulani mapu mosiya mpata, makamaka kukamwa kwa mathiriro. Ngati mwadula mapu pakamwa penipeni pa mitsinje iwiri, njira yozungulira kuchoka mumtsinje wina kulowa mu unzake imasowa podutsa, ndipo kompyuta imati malowo ngosafikirika.

Kenako sankhani kuti gombe ndi liti, chifukwa pamathiriro gombe limayenda kawiri patsiku. Mzere wa gombe wa OpenStreetMap umatsata pomwe madzi amafika akadzaza kwambiri, choncho matope amene amakhala poyera madzi akaphwa umawaona ngati madzi. Kwa nkhanu ndi nsomba zazing'ono zimene zimakwera ndi madzi kukadya pamatopepo, zimenezo n'zoyenera. Kwa nsomba zikuluzikulu zimene sizichoka mumkuwa wakuya, ndi bwino kudula ndi mzere wa kuya, mwachitsanzo mita imodzi pansi pa madzi ophwa. Lembani chimene mwasankha ndi chifukwa chake, popeza chimasintha mitunda yonse.

Tsopano mapuwo asandutseni gridi, timabokosi tofanana kukula, kabokosi kalikonse n'kukhala madzi kapena pouma. Kukula kwa kabokosi kumachokera pa zinthu ziwiri za pamalopo: khwawa lopapatiza kwambiri limene nyama zimadutsadi, ndi kamtunda kouma kopyapyala kwambiri kamene kamazitchingadi. Kabokosi kasapose theka la chopapatiza kwambiri mwa ziwirizi. Mukapitirira pamenepo mumakumana ndi mavuto awiri otsutsana.

Loyamba ndi kutsekeka kwa njira. Pulogalamu ikamasandutsa mapu kukhala gridi, kawirikawiri imangoyang'ana chapakati pa kabokosi: pakati pakagwera pouma, kabokosi konse n'kouma. Kent Narrows, kakhwalala ka madzi kolekanitsa Kent Island ndi gombe la kum'mawa, kamalumikiza Chester River ndi madzi a Eastern Bay. Pa gridi ya timabokosi ta mamita 500 kakhoza kuzimiririka, ndipo masiteshoni awiri oyang'anizana mbali zake ziwiri amaoneka ngati otalikirana ndi ulendo wozungulira chilumba chonse. Milatho imachitanso chimodzimodzi ngati amene anajambula mapu anailemba ngati nthaka. Mankhwala ake n'kujambula mzere pakati pa khwawa lililonse lofunika, n'kuudinda pa gridi ngati madzi, posankha kuti kabokosi kalikonse kamene mzere wakhudza kasanduke madzi. Mu phukusi la terra la pulogalamu ya R zimenezi zimatheka poika touches kukhala TRUE polamula rasterize.

Lachiwiri ndi kudontha. Kamchenga kopyapyala kapena khoma lotchinga mafunde likachepa kuposa kabokosi limasowa, njira n'kudutsa pouma. Kudontha kwina kumabisala m'makona. Timabokosi tiwiri touma tikangokhudzana pakona, njira yoyenda chopingasa imaloŵa pakatipo ngati palibe chotchinga. Zotchinga zopyapyala muzidinde ngati mizere youma, ndipo muzinenepetse mpaka timabokosi tiwiri. Dindani zotchinga poyamba, makwawa pambuyo, kuti khwawa lodula kamchenga likhale lotseguka.

Mukatero, lamulani patches ya mu terra kuti iwerenge zidutswa za madzi. Payenera kukhala chidutswa chimodzi chachikulu. Zidutswa zina zikapezeka, chilichonse chioneni ndi maso pa chithunzi cha setilaiti: kodi ndi dziwe lotsekekadi, kapena khwawa limene gridi yalitseka? Ikaninso masiteshoni pamwamba pa gridi. Ena amagwera pouma, chifukwa GPS inaphonya pang'ono kapena chifukwa gridi inadya gombe. Asunthireni pa kabokosi ka madzi kapafupi, koma dziikireni malire, mwachitsanzo timabokosi tiwiri. Siteshoni yofuna kusunthidwa mamita 800 ili ndi vuto lina, mwina manambala anatembenuzidwa polemba. Samalaninso mbali: siteshoni ya pakamtunda kopyapyala ikhoza kusunthidwira mumtsinje wolakwika, chifukwa ndi umene uli pafupi ndi mamita ochepa chabe. Dzina la mtsinje lolembedwa m'buku la m'boti ndilo likuuzeni mbali yoyenera.

Kuwerengera mitunda ya pamadzi

Gridi ikakonzeka, kompyuta imaiona ngati ukonde wa mfundo, kabokosi kalikonse ka madzi kolumikizidwa ndi anzake oyandikana nako, n'kufufuza njira yaifupi kwambiri potsata njira imene Edsger Dijkstra anafalitsa mu 1959. Mu R, phukusi la gdistance limachita izi m'masitepe atatu: transition imamanga ukondewo, geoCorrection ya mtundu wa c imakonza kuti sitepe yopingasa ikhale yaitali kuposa yowongoka, ndipo costDistance imapereka tebulo la mitunda pakati pa mfundo, pomwe accCost imapereka mtunda kuchokera pa siteshoni imodzi kufika pa kabokosi kalikonse. Mukaiwala geoCorrection, kompyuta imangowerenga masitepe, ndipo yopingasa, imene ndi yaitali ndi 41 peresenti, imaiona ngati yofanana ndi yowongoka. Kumbukiraninso kuti gdistance imasunga kuphweka kwa kudutsa, osati kuvuta kwake. Ngati gridi yanu ili ndi nambala za kuvuta, muzitembenuze, 1 kugawa ndi avareji ya timabokosi tiwirito.

Muyenera kusankha mbali zoyendera: 4, 8 kapena 16. Ndi mbali 4 njira imayenda mokhotakhota ngati masitepe a nyumba yosanja, ndipo pamadzi oyera ikhoza kutalikitsa mtunda mpaka ndi 41 peresenti. Ndi mbali 8 kutalikitsako sikuposa 8 peresenti n'kanthu pang'ono, ndipo ndi 16 kumatsika pansi pa 3 peresenti. Mbali 16 ndiye zabwino, koma zili ndi msampha: masitepe ake ena amalumpha kabokosi kamodzi, ngati hatchi ya pa chess, ndipo amangoyang'ana poyambira ndi pothera. Khoma la kabokosi kamodzi amalidumpha. Ichi ndicho chifukwa chonenepetsera zotchinga mpaka timabokosi tiwiri.

Pouma mukhoza kupasiya popanda nambala, NA, kapena kupapatsa nambala yaikulu ya kuvuta ngati 10,000 pomwe madzi ali ndi 1. Njira yoyamba ndiyo yosabisa: malo osafikirika amatuluka ndi Inf, kutanthauza mtunda wopanda malire, ndipo mumadziwa kuti pali cholakwika. Yachiwiri siikana chilichonse, imangotulutsa mtunda waukulu wopanda tanthauzo, umene ungaloŵe m'masamu otsatira osauona.

Musanalamule kompyuta, werengerani katundu amene mukuisenzetsa. Chesapeake pamodzi ndi mitsinje yake ndi masikweya kilomita pafupifupi 11,600. Pa timabokosi ta mamita 250 pamakhala timabokosi pafupifupi 186,000, ndipo tebulo la mitunda yochokera pa masiteshoni 1,500 limadya ma gigabyte oposa 2. Pa mamita 100 timabokosi timapitirira miliyoni imodzi, tebulo n'kufika ma gigabyte pafupifupi 14. Njira yopulumukira n'kukhala ndi magridi awiri: yosalala yoyezera njira, ndi yokhakhala, mwina ya kilomita imodzi, yolembapo zotsatira. Pa siteshoni iliyonse lamulani accCost pa gridi yosalala, tengani mitunda ya pamfundo za gridi yokhakhala zokha, zinazo n'kutaya.

Tebulo likatuluka liyeseni. Mtunda wa pamadzi sungachepe kuposa wowongoka, kupatula kusiyana kwa kabokosi kamodzi kapena tiwiri kobwera chifukwa chosunthira mfundo pakati pa kabokosi. Wochoka pa A kupita pa B ufanane ndi wobwerera. Kenako gawani mtunda wa pamadzi ndi wowongoka pa masiteshoni awiriawiri onse oyandikana, mutenge 20 amene nambalayo ndi yaikulu kwambiri, n'kujambula njira zawo ndi shortestPath pamwamba pa chithunzi cha setilaiti. Muchitenso chimodzimodzi ndi masiteshoni amene mukudziwa kuti pakati pawo pali pouma koma nambala yawo ili pafupi ndi 1, chifukwa kumeneko ndi komwe kukudontha. Ola limodzi la kuyang'ana zithunzi zimenezi limagwira zolakwika zambiri kuposa masamu onse otsatira.

Kugawa kumeneku kumakuuzaninso ngati ntchito yonseyi ili ndi phindu. Ngati pafupifupi masiteshoni onse oyandikana ali ndi nambala yosaposa 1.1, lula wamba akukwanira.

Njira yosavuta: IPDW

Njira yodziwika ya IDW (inverse distance weighting) imapatsa siteshoni iliyonse mphamvu yofanana ndi 1 kugawa ndi mtunda wochulukitsidwa ndi womwewo, kenako n'kutenga avareji motsata mphamvuzo. IPDW (inverse path distance weighting) ndi yomweyo, kungoti mtunda wake ndi wa pamadzi. Tiyerekeze kabokosi kena mukhwawa, ndi masiteshoni atatu. A ali kuseri kwa kamtunda kouma, kilomita 1 mowongoka koma makilomita 9 pamadzi, ndipo ali ndi nkhanu 80 pa masikweya mita 1,000. B ali mukhwawa lomwelo, makilomita 2 mowongoka ndi pamadzi pomwe, nkhanu 10. C ali makilomita 3 mowongoka, 3.5 pamadzi, nkhanu 16. Ndi lula, mphamvu zawo ndi 1, 0.25 ndi 0.111, ndipo yankho ndi nkhanu pafupifupi 62. Potsata madzi mphamvu zimasanduka 0.012, 0.25 ndi 0.082, yankho n'kukhala pafupifupi 14. Nkhanu za kuseri kwa kamtunda zinali zitakwera pouma n'kudzadzaza khwawa la eni.

Phukusi la ipdw, limene linayesedwa pa madzi a Florida Bay pakati pa zilumba ndi zitunda za matope, limachita zonsezi: costrasterGen imapanga gridi, pathdistGen mitunda, ipdwInterp avareji. Zofunika kusankha ndi zitatu. Nambala yochulukitsira mtunda ndi womwewo (power) yambani ndi 2, muyesenso 1, 1.5 ndi 3. Ikakula, siteshoni iliyonse imazunguliridwa ndi chibanga chake ngati diso, ndipo ikachepa mapu amasalala mpaka kusiyana konse kutha. Malire a mtunda akhale okwanira kuti kabokosi kalikonse kapeze masiteshoni osachepera 5 mpaka 8, koma kumbukirani kuti pamadzi malire omwewo amapeza masiteshoni ochepa kuposa pa lula, makamaka kumathero a makwawa. Ndipo kabokosi kamene kali pa siteshoni penipeni kali ndi mtunda wa ziro, kugawa n'kukanika. Kapatseni nambala ya siteshoniyo, kapena ikani mtunda wochepetsetsa wa theka la kabokosi.

Ubwino wa IPDW ndi wakuti siingatulutse chinthu chopanda nzeru: yankho limakhala pakati pa nambala yaing'ono ndi yaikulu ya masiteshoni. Kuipa kwake n'kwakuti siikuuzani kuti ikukayika motani, ndiponso masiteshoni atatu ounjikana pamodzi imawamvera katatu ngati kuti aliyense wabweretsa uthenga wake.

Kriging ndi msampha wake

Kriging, njira ina yoyerekezera, imathetsa mavuto awiriwo. Imayamba ndi variogram, chithunzi choonetsa mmene kusiyana kwa masiteshoni kumakulira mtunda ukamakula. Pangani variogram kuchokera pa tebulo lanu la mitunda ya pamadzi: gawani mitunda m'magulu 12 mpaka 15, gulu lililonse likhale ndi mapeyala (masiteshoni awiriawiri) osachepera 30, ndipo musapitirire theka la mtunda waukulu kwambiri. Jambulaninso ya lula pambali pake. Kawirikawiri ya pamadzi imakhala ndi range (mtunda pomwe kusiyanako kumalekera kukula) yotalikirapo, popeza mitunda yokha yatalika, ndipo ngati zotchinga zikulekanitsadi nyama, nugget (kusiyana kumene kumatsala ngakhale pa masiteshoni oyandikana kwambiri) imatsika chifukwa mapeyala oyandikana mwachinyengo achoka m'magulu oyambirira. Pa nkhanu musadabwe nugget ikakhalabe yaikulu. Masikweya mita 170 ndi kachigamba kakang'ono, ndipo makoka awiri oyandikana amasiyana kwambiri ngakhale pansi pali pofanana.

Funso lakuti mtunda uyezedwe motsata mbalame kapena nsomba linafufuzidwa m'makwawa a Murrells Inlet ku South Carolina mu 1997, ku Charleston Harbor mu 1998, ndi pa nkhanu za Chesapeake mu 2006. Chaka chomwecho cha 2006, Frank Curriero anaonetsa chinthu chimene aliyense wochita ntchitoyi ayenera kuchidziwa: mitundu ya variogram imene timaidalira, spherical, Gaussian, exponential, inatsimikizidwa kuti ndi yovomerezeka pa mtunda wowongoka wokha. Mukaidyetsa mtunda wamtundu wina, chitsimikizocho chimatha. Tebulo la covariance, loonetsa mmene nambala za masiteshoni zimayendera limodzi, likhoza kulephera kukhala positive definite, zimene masamu a kriging amafuna, ndipo zotsatira zake ndi variance (muyezo wa kukayika) yotsika pansi pa ziro, kapena masiteshoni olandira mphamvu zazikulu zotsutsana, kuyerekezera n'kuuluka kupitirira nambala iliyonse imene boti linapezapo.

Choncho mukamanga tebulo la covariance, lamulani eigen muone eigenvalue yaing'ono kwambiri, nambala yoonetsa ngati tebulo ndi positive definite. Ikhale pamwamba pa ziro. Gaussian ndiyo imagwa msanga, ndipo exponential yokhala ndi nugget yooneka ndiyo imapirira kawirikawiri, koma nayonso iyeseni. Kuyesa masiteshoni okha sikukwana, chifukwa tebulo likhoza kukhala bwino pa masiteshoni n'kusweka mukawonjezapo mfundo yoyerekezera. Onjezani mfundo mazana angapo za pagridi, makamaka za m'makona ndi mozungulira zilumba, muyesenso, ndipo pamapeto muwerenge timabokosi tokhala ndi variance yotsika pansi pa ziro. Kakapezeka ngakhale kamodzi, mapu onse a kukayika musawakhulupirire. Zilumba ndizo zimavutitsa kwambiri, popeza pamakhala njira ziwiri zozungulira. Mapulogalamu a kriging ambiri, kuphatikizapo gstat, salandira tebulo la mitunda lopangidwa kunja, choncho masamu a ordinary kriging muwalembe nokha, zomwe ndi mizere yochepa: tebulo la covariance lowonjezedwa mzere wa ma 1, n'kulamula solve.

Tebulo likasweka pali njira zingapo. Ina ndi kusamutsira mfundo zonse m'malo atsopano ongopeka, momwe mitunda yowongoka ikufanana ndi ya pamadzi, pogwiritsa ntchito cmdscale. Njira imeneyi inayesedwa m'magombe okhotakhota a Norway mu 2003. Masiteshoni ndi mfundo zoyerekezera ziyenera kusamutsidwa limodzi, ndipo mbali (dimensions) ziwiri ngati za pamapu sizikwana, yesani 3 mpaka 6 mukuyerekeza mitunda yatsopano ndi yeniyeni, makamaka yaifupi, chifukwa ndiyo imalamulira kriging pomwe cmdscale imasamala kwambiri yaitali. M'malo atsopanowo gwiritsani ntchito exponential, imene ndi yovomerezeka pa mbali zochuluka mulimonse, pomwe spherical imathera pa zitatu. Njira ina n'kusiya mitunda n'kugwiritsa ntchito masamu omangidwa kale ndi zotchinga m'kati: soap film ya mu phukusi la mgcv, ya mu 2008, kapena barrier model ya mu INLA, ya mu 2019. Pa mathiriro a zilumba zambiri, barrier model ndiyo yoyenera kuiphunzira, ngakhale kumanga mesh yake, ukonde wa timakona-tatu, kumafuna kudekha kofanana ndi kwa gridi: khwawa lililonse liyenera kukhala ndi timakona-tatu tokwanira.

Mchere, kuya ndi maziro

Mtunda wa pamadzi nthawi zina umagonja kwa lula pa chifukwa chosayembekezeka. York ndi Rappahannock ikuyenda moyandikana, ndipo malo awiri oyang'anizana kudutsa pouma ali pamtunda wofanana kuchokera kukamwa, choncho mchere wawo umafananako, nyama zake n'kufanananso. Lula akulondola pamenepo, koma osati chifukwa nkhanu zikuwoloka. Njira yabwino n'kuchotsa kaye zimene mchere, kuya ndi mtundu wa pansi zikufotokoza, pogwiritsa ntchito GAM kapena GLM, masamu olumikiza kuchuluka kwa nyama ndi zinthu zotere, kenako n'kuyerekezera zotsala potsata madzi. Pamafunika mapu a mchere ndi kuya a pagridi yonse, ndipo mapu a mcherewo nawonso apangidwe potsata madzi.

Ngati masiteshoni oposa theka ali ndi ziro, gawani ntchito pawiri: mapu a mwayi wopeza nkhanu, ndi mapu a kuchuluka kwake pomwe zapezeka, n'kuwachulukitsa. Mukasandutsa nambala za kuchuluka kukhala log (logarithm) musanayerekezere, dziwani kuti kungoibweza kumapereka nambala yotsika kuposa avareji yeniyeni, ndipo mukaphatikiza timabokosi tonse chiwerengero chimaperewera kwambiri.

Madzinso sayenda mofanana mbali zonse. Mphutsi za nkhanu ndi mazira a nsomba zimatengedwa ndi madzi, ndipo njira yaifupi siidziwa kuti madzi akulowera kuti. Pa zoyandama zoterezi mtunda wa pamadzi umangothandiza kuletsa kuwoloka pouma, osati kufotokoza kayendedwe kake.

Kuyesa ngati zathandiza

Chotsani siteshoni imodzi, iyerekezereni kuchokera pa zotsala, ibwezeni, muchotse ina, mpaka onse atha. Chitani izi ndi lula komanso ndi mtunda wa pamadzi, n'kuyerekeza MAE ndi RMSE, miyezo iwiri ya kukula kwa zophonya, komanso avareji ya zophonya, imene ikuonetsa ngati njira ikukweza kapena kutsitsa. Koma musayang'ane nambala imodzi ya nyanja yonse. Ku Chesapeake masiteshoni ambiri ali pamadzi otakata apakati, pomwe njira ziwirizi zikugwirizana, ndipo amamiza kusiyana kwa m'mitsinje. Gawani masiteshoni pawiri: amene mwa anzawo 10 apafupi pa lula muli wina wokhala ndi mtunda wa pamadzi woposa kamodzi ndi theka wa wowongoka, ndi ena onse. Phindu likakhalapo lioneka m'gulu loyamba. RMSE imakokedwa ndi makoka awiri kapena atatu ogwira nkhanu zambiri zedi, choncho ikasiyana ndi MAE onani kuti ndi masiteshoni ati akuikoka.

Yesaninso kuchotsa khwawa lathunthu. Kawirikawiri mapu amafunika kwambiri pa makwawa amene boti silinaloŵemo, ndipo kuyesa kotereku ndiko kumaonetsa kuti njira yanu ikudziwa zochepa motani za malo amenewo. Kumathero a khwawa lopanda siteshoni, IPDW imangobwereza nambala za pakamwa pake. Malo opitirira range ya variogram kuchokera pa siteshoni yapafupi aphimbeni pa mapu, muwalembe kuti ngosayezedwa.

Zonsezi zimagwiranso ntchito pa nyanja za madzi opanda mchere. Kummwera kwa Nyanja ya Malawi, nthaka youma ya Nankumba, komwe kuli Monkey Bay, imagawa madzi m'mikono iwiri, wa kummwera chakum'mawa ndi wa kummwera chakumadzulo, ndipo masiteshoni a khoka a mbali ziwirizi sayenera kubwerekana nambala kudutsa pouma. Kumeneko gwiritsani ntchito UTM zone 36S.

Kuchokera pa mapu kufika pa chiwerengero

Chulukitsani kuchuluka kwa pakabokosi ndi kukula kwa madzi ake. Kabokosi ka mamita 250 ndi masikweya mita 62,500, choncho nkhanu 14 pa 1,000 zikupereka 875. Kwa timabokosi ta m'gombe, timene mbali ina ndi youma, tengani gawo la madzi lokha kuchokera pa gridi yosalala, ndipo makwawa amene munawadinda ndi zotchinga zimene munazinenepetsa musaziwerengere ndi kukula kwawo kwa pagridi, popeza kumeneko n'kongothandizira njira. Phimbaninso madzi amene kafukufuku safikako. Ku Chesapeake dredge imakokedwa pamadzi akuya kuposa mita 1.5, ndipo mapu sangalankhulepo za osaya kuposa pamenepo ngakhale njira za mitunda zikudutsa pomwepo.

Chiwerengero chimene mwapeza chiyerekezeni ndi chosavuta, avareji ya masiteshoni a chigawo chilichonse kuchulukitsa ndi kukula kwa chigawocho. Pa kafukufuku amene malo ake anasankhidwa mwamaere, ziwirizi ziyenera kuyandikana. Zikasiyana ndi 20 peresenti kapena kuposa, yambani kufufuza pa kubweza kwa log, kenako pa kukula kwa madzi amene mwawerengera, kenako pa makwawa opanda masiteshoni amene alandira nambala zazikulu kuchokera pa khoka limodzi la pakamwa pawo.